Phwando la Zaka Makumi Anayi ku Benga

Ine za tsiku lobadwa sizindisangalatsa. Kwathu ku Kanyenda munthu ankangodziwa kuti anabadwa mpunga ukucha kapena Bua atasefukira, basi. Deti tinkapeka tokha polowa sukulu, ndipo ambirife tinkadulako zaka kuti asatibweze kuti takula.

Mnzanga amene tinkagwira limodzi ukalaliki pamsika wa mpunga ku Benga anadula mopitirira. Ku sekondale tinali kalasi imodzi, koma iye anafika akumeta kale ndevu. Imvi zitayamba ankazipaka mankhwala akuda, ndipo kukatentha thukuta linkatsika lakuda m'khosi.

Chaka china kunamveka kuti akalaliki achikulire awapumitsa. Masiku amenewo za boma sunkafunsa kawiri. Mnzangayo ana ake onse anali adakali pasukulu. Anaganiza zochita phwando la tsiku lobadwa, ngati aphunzitsi athu achizungu aja, n'kuitana bwana wathu kuti adzaone yekha munthu akukwanitsa kumene zaka makumi anayi.

"Kukalamba si kuba, aise," ndinamuuza. "Zachibwana zimenezi."

"Iwe ungobwera udzamwe tiyi. Pakamwa pakopo ukasiye kunyumba."

Linali Loweruka masana. Mkazi wake anaphika mpunga wa nkhuku ndi mkate wa nthochi. Kandulo anagula imodzi n'kuidula panayi. Mowa panalibe poti mnzangayo ndi Msilamu. Bwana anakhala pampando wa khushoni, ife pabenchi.

Tikuti tisambe m'manja, panatulukira njinga. Anali mwini makoka a nsomba wina wa ku Bua, wamimba, wamawu, mutu uli mbuu, mano akutsogolo atatha. Ife a m'deralo tinkadziwa kuti iyeyu ndi mnzangayo analowa jando limodzi. Olowa limodzi ndi a msinkhu umodzi, amaitanana "iwe" mpaka kumanda. Bwana anali wakutali, koma zimenezo ankazidziwa. "Iwe" mmodzi yekha akanakwanira kuulula zaka za mnzanga.

Mnzanga anathamanga, n'kunjuta, n'kupereka moni ndi manja awiri.

"Takulandirani, bambo. Mwayenda bwanji?"

Mwini makoka anayang'ana makandulo, anayang'ana bwana, kenako khosi lakuda lija. Anatenga mpando wa mwini nyumba.

"Ndayenda bwino, mwanawe. Tandichotsere njingayo padzuwa."

Madzi osamba anayambira kwa iye. Nthutumba ya nkhuku, imene amadya wamkulu, inapita m'mbale mwake. Anamutuma mnzanga mchere, anamutuma tsabola, anamubweza kuti kapu sinatsukidwe bwino.

"Mwana ameneyu ndinamuberekapo kumsana, bwana," anatero akutafuna. "Anandikodzera malaya atsopano."

Bwana anaseka mpaka kutsokomola. Ine mutu unatentha. Ndinaima kuti ndiwauze onse awiri kuti ndi nkhalamba zopanda manyazi. Mkazi wa mnzanga anangondiikira mkate m'manja, maso ali pa ine. Ndinakankha benchi n'kukadyera kuseri kwa nyumba. Kumeneko ndinamva akuwomba m'manja, kandulo zitazimitsidwa.

Opumitsidwa atatchulidwa, mnzanga sanalimo. Anapita ena awiri, mmodzi wocheperapo kwa iye.

Koma mwini makoka ukulu uja sanaubweze. Pamsika, pamaliro, ngakhale pamaso pa ana a mnzangayo, anali "mwanawe" basi. Ine ndinkamuuza mnzanga kuti amutukwane kamodzi zithe. Ankangoyankha kuti mwana wake wamng'ono akadali Fomu 2.

Mwana wamkazi wa mwini makoka akukwatiwa tinapita tonse ku Bua. Amuna amene analowa jando chaka chimodzi anakhala mphasa imodzi pamthunzi, akugawana nyama ndi kunyozana za mano. Mnzanga analunjika komweko. Mwini makoka anamuona ali patali.

"Mwanawe, akuluakulu sanasambe m'manja."

Mnzanga anaima pang'ono, anavula jekete n'kundipatsa kuti ndimugwirire, n'kupita kukatenga beseni.