Nsalu zitatu za mayi Namakhoma

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha malembedwe anga. Nditamaliza Fomu 4 ndinakhala chaka chathunthu kwathu ku Mbulumbuzi, ndikuthyola nandolo ndi kudikira mwayi umene sunkabwera. Azakhali anga ankasesa pa chipatala china chaching'ono, chimene dzina lake ndilisunga, ndipo tsiku lina anamva a Sista akudandaula kuti zolembedwa m'kaundula wawo zikungooneka ngati papalasa nkhuku. Azakhaliwo sanachedwe. Anati ali ndi mwana wa mchimwene wawo wolemba ngati makina.

Nditapita, a Sista anandipatsa pepala ndi cholembera, n'kunditchulira mayina khumi. Anayang'ana pepalalo, kenako anayang'ana zikhadabo zanga. "Uwenge izo, ubwere Lachiwiri." Kulembedwa ntchito kwake kunali komweko. Sinali ntchito ya boma ayi, ndinali wongothandiza, wolandira kangachepe kogulira sopo. Koma anandipatsa malaya oyera ovala pamwamba, ndipo malayawo anandilowa m'mutu.

Lachiwiri lililonse kunkabwera odwala shuga ndi BP. Malo anga anali pakhonde: tebulo, benchi, kaundula, sikelo yopondapo ya muvi, thabwa loyezera kutalika ndi tepi yachikasu yoyezera m'chiuno. A Sista anandiphunzitsa mwatsatanetsatane. Sikelo uike pa simenti yosalala. Muvi uubweze pa ziro munthu asanakwere. Avule nsapato, atule katundu, aime osagwira khoma. Iwe uwerenge utaima kutsogolo, osati chammbali, chifukwa muvi umanamiza ukauonera chammbali. Nambala uilembe m'buku lake la kuchipatala ndiponso m'kaundula. Ukatero upite naye kuseri kwa nsalu yotchinga, amasule zovala, umuzunguze tepi pakhungu cha pamchombo atatulutsa mpweya.

"Sikelo ndi tepi zimayendera limodzi," anatero a Sista. "Usasiye chimodzi."

Ndinasiya tepi mwezi wachiwiri womwe. Kuseri kwa nsalu kuja kunadzaza makatoni a mankhwala, mzere unkafika pa mtengo wa mango, ndipo mayi mmodzi kuti amasule n'kumanganso nsalu, anthu atatu ukanakhala utawayeza. Ndinaona ngati ndatulukira nzeru. Tepi inapita m'dilowa, pansi pa makadi akale.

Mayi Namakhoma anabwera m'mwezi wa Januwale. Ankagulitsa tomato ndi anyezi pa Njuli. Anali mayi wa thupi, wa zaka za amayi anga, wopuma movutikira akangokwera masitepe atatu a pakhondepo. Sikelo inaonetsa 94. BP yawo inawaopsa a Sista, moti anawakhazika pansi n'kuwauza mosabisa kuti mankhwala okha sangakwanitse, thupilo litsike, apo ayi tsiku lina mtsempha wa m'mutu udzaphulika.

Odwala ambiri amavomera ndi pakamwa, akatuluka pageti n'kugula mandasi. Mayi aja ayi. Anasiya shuga m'tiyi, anasiya zakumwa za m'botolo, mchere ankangowaza pang'ono. Ufa woyera anausiya n'kuyamba mgaiwa, mtanda umodzi, ndiwo zambiri zamasamba ndi nandolo. Kabaza anamusiya. Ankayenda wapansi kupita ku msika ndi kubwerera, dengu lili pamutu. Mwezi ndi mwezi muvi unkabwerera m'mbuyo: 92, 90, 87. Ine ndinkanyada ngati ndine ndikuyenda mtundawo. Ndinkawaloza kwa anzawo pabenchi kuti onani anzanuwa, malangizo amatsatidwa chonchi. Iwo ankangoweramitsa mutu. Ndinkayesa manyazi a munthu woyamikiridwa.

Kenako muvi unaima. Meyi 87. Juni 87. Ndinatsitsa mayiwo, n'kubweza muvi pa ziro, n'kuwakwezanso, koma nambala inali yomweyo.

"Mwananga, inetu sindinasinthe kanthu," anatero. "Kuyenda ndawonjezera. Pano ndikumazungulira cha ku damu."

Ndinati chabwino, koma mumtima ndinali nditawaweruza kale. Pa zaka zanga makumi awiri ndinkadziwa zonse. Ndinkati thupi ndi thumba, ukachepetsa zothiramo liyenera kupepuka, ndipo likapanda kupepuka ndiye kuti wina akuthiramo mwakabisira. Sindinawafunse a Sista. Safunsa anadya phula, koma phula limeneli anadya ndi munthu wina, ine ndinangomutengera.

Tsiku limene sindiliiwala linali la mu Julaye. Kunali chiperoni, phiri la Chiradzulu losaoneka n'komwe, kamvula kakuwaza mpaka pakhonde. Anthu anali atapanikizana pabenchi, ena ataima, onse atadzikuta. Tinali titauzidwa kuti kubwera alendo awiri ochokera ku boma kudzaona mmene kiliniki ikuyendera, ndipo ine ndinali nditakonza kale kuti ndikawaonetse tsamba la mayi Namakhoma. Ndinkafuna andione. Ndinkalota kuti mwina dzina langa lilembedwa penapake, ndichoke pa ganyu ndikhale wa pa ntchito.

Alendowo anaima pambali pa tebulo langa nthawi imene mayiwo anafika kutsogolo. Anavula nsapato zawo zapulasitiki, anatula kachikwama, anakwera. Muvi unagwedera n'kuima pa 88.

Mmodzi wa alendo aja anasuzumira m'kaundula n'kukweza nsidze, ndipo ine ndinafuna kuti aliyense adziwe kuti cholakwa si changa.

"Amayi, tisanamizane," ndinatero, mawu ali pamwamba kuti amveke mpaka kumapeto kwa benchi. "Sikelo sinama. Miyezi itatu muli pamodzimodzi, lero mwakwera. Mukudya mobisa inu. Tomato mukugulitsayo mukumagulira chipisi eti?"

Benchi yonse inaseka. Bambo wina anati, "Awuzeni, adokotala!" ndipo ine, amene sindinali dokotala ngakhale wa nkhuku, ndinamva kukoma. Ndinatenga buku lawo n'kulemba ndi malembedwe anga okongola aja kuti: 88, sakutsatira malangizo.

Mayi Namakhoma anatsika, anavala nsapato, n'kulowa m'chipinda cha a Sista.

Sipanapite nthawi a Sista anatsegula chitseko. "Felesiya, tabwera ndi tepi." Ndinaifufuza m'dilowa. Nditalowa, anakhoma chitseko n'kuwauza mayiwo kuti amasule.

Anamasula chitenje cha pamwamba. Pansi pake panali china, chopinda kawiri, chokulungidwa m'chiuno. Anamasula chimenecho, panali chachitatu, ndipo pansi pa chachitatucho anali atamangirira juzi yakale ya amuna awo, mikono yake ataimanga kutsogolo. Zonse zitaunjikidwa pampando, munthu amene anaima pamaso panga sanali amene ndinkamuyeza pakhonde. Siketi inali itagwidwa ndi mapini awiri kuti isagwe.

A Sista anazunguza tepi okha, anawerenga, n'kutsegula buku pa tsamba la Januwale pamene ndinayezapo kamodzi kokha. Chiuno chinali chitatsika kwambiri. BP nayo inali itatsika kuposa mwezi uliwonse. Anapitiriza kutsegula masamba, mzere wa tepi uli mbee, wopanda kanthu. Sanandikalipire. Anangondiyang'ana, ndipo ndikanakonda akanandimenya.

"Nanga nsalu zonsezi n'zachiyani, amayi?" anafunsa a Sista.

Mayiwo anafotokoza akuyang'ana pansi. Kwathu kuno munthu akati mwanenepa, ndiye kuti wakuyamikira. Mkazi wathupi ndiye kuti pabanja pali mtendere, mwamuna akusamala. Ndipo dera lathu lino linaika maliro ambiri zaka za m'mbuyomu, anthu sanaiwale mmene kuonda kunkayambira. Mayi Namakhoma atangoyamba kuphwa masaya, manong'onong'o anayamba pa mjigo ndi ku tchalitchi komwe. Alongo awo anaitanitsa amuna a mayiwo, amene ndi mkamwini pamudzipo, n'kuwafunsa kuti mlongo wathuyu mwamutengera chiyani. Choopsa koposa, mwana wawo wamkazi anali ndi chinkhoswe mu Seputembala, ndipo akuchimuna anali atayamba kufunsa za m'mphepete ngati kubanjako kuli bwinobwino. Ndiye m'mawa uliwonse ankadzikulunga nsalu kuti aoneke monga kale, n'kuyenda nazo mtunda wonse uja, thukuta lili kamukamu.

A Sista anawauza kuti nsaluzo zikuwonjezera pang'ono pa sikelo, koma ngakhale popanda izo kuima kwa muvi si chachilendo. Thupi likatsika kwa miyezi ingapo limazolowera chakudya chochepacho n'kuyamba kusunga, ndipo miyendo yoyenda tsiku ndi tsiku imalimba mnofu, umene nawonso umalemera. Muvi ukhoza kuima miyezi, m'katimo zinthu zikukonzeka. Chofunika n'kusasiya. Ndinamva zimenezi koyamba tsiku limenelo, limodzi ndi wodwala, ine amene ndinavala malaya oyera.

Mayiwo anayamba kumanga nsalu zawo imodzi imodzi. Atamaliza anatembenukira kwa ine.

"Mwanawe, kumudzi akuti ndikudwala chifukwa ndaonda. Kuno ukuti ndine wabodza chifukwa sindikuonda. Pabenchi paja pali anthu a m'mudzi mwathu atatu. Tandiuza, ndilowere kuti?"

Ndinati pepani. Liwu limeneli ndi lopepuka zedi, silisuntha ngakhale muvi wa sikelo. Anatuluka, buku lawo analisiya patebulo.

Ogasiti sanabwere. Seputembala sanabwere. A Sista anatumiza uthenga kudzera kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lawo, yankho linali lakuti ali bwino, atanganidwa ndi chinkhoswe. Azakhali anga ndi amene anandibweretsera nkhani yonse. Anati anthu atatu aja anakafalitsa kuti ngakhale a chipatala anawayalutsa mayi Namakhoma kuti amadya mobisa. Mayiwo anati ngati kuvutika konseku malipiro ake ndi kusekedwa uku ndi uku, bola kusekedwa utakhuta. Anabwerera ku tiyi wa shuga ndi kabaza. Mankhwala atatha sanafune kudzaimanso pakhonde langa. Pa chinkhoswe anthu anawayamikira kuti tsopano mwabwereramo, mwanenepa bwino.

Alendo aja sanalembe dzina langa paliponse. Sindikhulupirira kuti analifunsa n'komwe.

Mvula yoyamba itagwa, mayi Namakhoma anagwa m'munda akubzala. Anafa mbali yakumanja, mkono ndi mwendo, pakamwa n'kupotoka. Sindinganene kuti ndine ndinaphulitsa mtsempha umenewo. A Sista anandiuza kangapo kuti matendawa amagwira ngakhale wosaphonya mankhwala. Koma ndikudziwa amene anawathamangitsa pa mzere wa mankhwalawo, ndipo ndimamuona pagalasi.

Ndinatenga buku lawo n'kupita kukawaona atatuluka m'chipatala chachikulu. Ndinawapeza atawakhazika pamkeka pansi pa mtengo wa mapeyala, mwana wawo uja akuwamwetsa phala ndi sipuni. Anali ataonda tsopano, kuonda kwenikweni, chitenje chimodzi chokha chikuzungulira kawiri. Panalibenso wonong'ona, chifukwa matenda awa aliyense ankawaona ndi maso. Ndinagwada, ndinapereka moni, ndinaika bukulo pamkeka. Anandiyang'ana. Kenako milomo inayamba kulimbana ndi mawu, ndipo mwana wawo anaweramira pafupi kuti amve.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

Mtsikanayo anazengereza. "Akuti, mwabwera nayo sikelo?"

Sindidziwa ngati kunali kuseka kapena kundilasa. Sindinafunse, ndipo ulendo uno kusafunsako kunali mantha.

Ntchitoyi ndikuigwirabe, pa chipatala china, ndipo pano ndinapita ku maphunziro ake. Makatoni ndimachotsa ndekha kuseri kwa nsalu m'mawa uliwonse. Tepi imakhala m'khosi mwanga. Nambala ya munthu sindiitchula mokweza, ndimamulozera ndi chala m'buku. Muvi ukaima miyezi iwiri kapena itatu, ndimayamba ndamufunsa kuti kunyumba akuti chiyani za thupi lanuli, ndipo mungadabwe kuchuluka kwa amayi amene amayamba kumasula chitenje chachiwiri asanayankhe. Achinyamata amene amabwera kudzaphunzira ntchito ndimawamva akuuza odwala kuti sikelo sinama. N'zoona, sinama. Tsiku lija inanena 88, ndipo inalidi 88. Bodza linali m'mawu awiri amene ndinalemba pambali pake, ndipo mpaka lero ali m'buku la mayi Namakhoma, ndi malembedwe okongola omwe aja amene anandipezetsa ntchito.