Tsiku Limene Tinakanirana Kusambitsa Msuweni Wanga

Mpaka lero ndikakumbukira maliro a msuweni wanga, mtima umandiwawa ndi ukali. Anali mwana wa azakhali anga a ku Likoswe, ndipo anabadwa ndi thupi loti ngakhale anamwino sanathe kunena ngati ndi la mwamuna kapena la mkazi. Azakhali anamulera ngati mtsikana. Atakula, mawu anasintha, ndevu zinamera, iye n'kusiya diresi n'kuyamba kuvala buluku. Ankakonza njinga pa Namitambo, ndipo sindinamvepo wakabaza aliyense akukana kumangitsa tcheni chifukwa cha zimenezo.

Koma atamwalira ndi chibayo, m'nyengo yotentha ija ya Okutobala, mudzi wonse unasanduka akatswiri a malamulo. Kwathu maliro a mwamuna amasambitsa ndi amuna, a mkazi ndi akazi. Bokosi linafika m'mamawa, adzukulu anamaliza kukumba, koma thupi linali chigonere pamphasa m'nyumba.

Amayi akumpingo anati, "Ife munthu wandevu ayi ndithu. Si zathu zimenezo."

Azibambo anayankha ali pansi pa mtengo wa mango, "Nanga si munalowa naye chinamwali inuyo? Ngwanu ameneyo."

Anakankhirana choncho mpaka dzuwa linafika paliwombo, malata akuthetheka ndi kutentha. Anthu akuluakulu, a imvi zawo, oimba nyimbo za chikondi Lamulungu lililonse! Kenako bambo wina ananena zimene ambiri ankazilakalaka chamumtima: "Bwanji tilowe awiri atatu tikangoona kaye, kuti tidziwe pogwira?" Mwadzidzidzi odzipereka anachuluka. Amene ankaopa kumukhudza aja tsopano ankalimbirana pakhomo. Ndinawalalatira mawu oti sindingawalembe pano, ndipo sindinapepesepo.

Azakhali anali atakhala kumutu kwa mwana wawo kuyambira m'mawa. Anadzuka movutikira n'kundiyang'ana.

"Iwe, katenge beseni ndi sopo."

Mayi wina anafuula, "Koma azimayi, zoletsedwatu izo! Kholo silisambitsa mwana wake."

"Ndiye mwaletsa zonsetu," azakhali anatero. "Agone pompano mpaka anunkhe?"

Anatseka chitseko, n'kukhomera nsalu pazenera chifukwa mitu inali itayamba kusuzumira. Ine ndinkangothira madzi, poti ndinali ndisanagwirepo maliro. Iwo ankasambitsa mosathamanga, kuseri kwa makutu, pakati pa zala, akupala ndi kamtengo girisi amene anakanirira m'zikhadabo. Misozi sanagwetse. Ndinalira ndine.

Tinamuveka buluku lake lakutchalitchi ndi malaya oyera, azakhali n'kumasula chitenje chawo chapamwamba n'kumufunditsa mpaka pachifuwa. Nditatsegula chitseko, anthu anathamangira kutsogolo, makosi ali tolotolo. Azakhali anaima pakhomopo, madzi akudontha m'zigongono.

"Ndamaliza. Lowani mumunyamule. Amene akufunabe kudziwa, akafunse Iye amene anamuumba."