Maliro a Akazi Anga Sanatsike Kuchigwa

Akazi anga anamwalira Lachiwiri m'mawa, m'chaka cha chisankho, ndipo pofika masana galimoto zitatu za mchimwene wawo zinali zitaima pakhomo pathu ku Kanjedza. Ine ndinali nditangofika kuchokera kuchipatala ndi chikwama cha zovala zawo. Amayi a mumpingo anali akutulutsa mipando pabalaza kuti ayale mphasa.

Banja limene ndinakwatirako silinali la anthu wamba. Agogo awo a akazi anga anali munthu wa ng'ombe kuchigwa cha Shire. Ali mnyamata ankaziyendetsa wapansi, kukwera nazo mapiri mpaka ku Blantyre kukagulitsa kwa opha nyama. Ine ndinawapeza atakalamba, zidendene zili ming'alu yokhayokha. Kulemba sankadziwa, koma ng'ombe iliyonse m'khola ankaidziwa pamodzi ndi make. Ng'ombezo ndi zimene zinaphunzitsa mwana wawo, apongozi anga, amene analowa ntchito kubanki m'tauni muno nakwera mpaka kukhala manijala. Ankavala tayi ngakhale Loweruka. Malo a bambo awo anawatchinga ndi waya, namangapo dibu la ng'ombe ndi nyumba ya malata ofiira, anthu nayamba kuwatcha famu. Matipate atabwera, mwana wawo wamwamuna, alamu angawo, analowa ndale nakhala phungu wa dera lomwelo. Chipani anasintha kawiri, koma mpando sanautaye.

Akazi anga ankaifupikitsa mbiri yonseyi akamadyetsa nkhuku kuseri kwa nyumba. Ankati, "Agogo ankaweta ng'ombe, bambo ankaweta ndalama za eni ake, achimwene akuweta anthu. Ine ndisiyeni ndi nkhuku zanga."

Ine ndinali kalaliki panyumba yosungiramo tiyi ku Limbe, mwana wa mlimi wa nandolo wa ku Chiradzulu. Tinakumana kukwaya. Kwathu sitilowola, koma kwawo amalowola, ndipo ine ndinali wokonzeka kutsata mwambo wawo. Ankhoswe anga atapita kukafunsa, apongozi anawayankha kuti, "Kamuuzeni mnyamatayo agule mipando ya m'nyumba. Ng'ombe yoti andipatse ine aitenga kuti?" Nthawi imeneyo ndinkayesa chifundo, ndipo ndinathokoza. Tinadalitsa ukwati kutchalitchi, ndipo tinakhala zaka zoposa makumi atatu m'nyumba imodzimodziyo.

Apongozi atamwalira tinatsika tonse kukaika maliro kufamu. Kunatentha monga kumatenthera kuchigwa. Malole anabweretsa amayi ovala nsalu za chipani. Andale anayankhula wina pambuyo pa mnzake kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, aliyense kutchula chipepeso chake pachimkuzamawu, anthu nkumaomba m'manja. Abusa anawapatsa mphindi zochepa, wina atawaimirira pambali ndi wotchi. Pobwerera, basi ikukwera mapiri, akazi anga anayang'ana pawindo nati, "Bambo, ine musadzanditsitsire kuno. Mudzandiike ku Blantyre, anthu a mpingo wanga adzandiimbire, basi."

Anabwerezanso mawu omwewo kuchipatala Lamulungu, kutatsala masiku awiri, mwana wathu wamkazi ali pomwepo. Ine ndinavomera. Kuvomera pambali pa bedi la wodwala nkosavuta.

Tsono masana aja a Lachiwiri alamu anandiitanira pansi pa mtengo wa mapeyala, pamene tinaika mipando inayi. Anabwera ndi bambo awo aang'ono, mkulu amene ankayang'anira famu. Mwana wanga anakhala pambali panga.

"Alamu, pepani kwambiri," anayamba motero. Maso awo anali ofiira, ndipo sindikayika kuti anali atalira m'galimoto. "Musavutike ndi chilichonse. Bokosi ndaitanitsa kale, labwino. Ng'ombe ndauza anyamata apatule. Mawa tinyamuka, Loweruka tiika."

"Tiika kuti, alamu?"

"Kwathu. Pambali pa bambo."

"Iwo anati aikidwe kuno."

"Wodwala amayankhula zambiri, alamu."

Mwana wanga analowererapo. "Ankolo, ine ndinalipo. Mutu wawo unali bwinobwino. Anandikalipira ngakhale za mpiru kuti sindinathirire."

"Iwe, pano pakuyankhula akuluakulu."

Apo bambo aang'ono aja anatsokomola natsamira ndodo yawo. Anayankhula mofatsa, ndipo nchifukwa chake mawu awo anandilowa. "Mwana wanga, tisakanganirane mtembo. Ndikufunse. M'khola mwathu muli ng'ombe yako? Mulibe. Kwathu mkazi wosalowoledwa ndi wa kwawo, wamoyo kapena wakufa. Nanga kwanu ku Chiradzulu mkazi akamwalira amapita kuti? Si kwa abale ake? Ndiye iwe waima pa mwambo uti?"

Mwambo wa kwawo unkanditsutsa, wa kwathu unkanditsutsanso. Pamenepo mpamene ndinamva bwino mawu aja a apongozi onena za mipando, patapita zaka zonsezo.

Foni ya alamu inalira. Anaiyang'ana, naitembenuza pabondo, nati, "Komanso akuluakulu a chipani ndawadziwitsa kale. Abwera Loweruka. Mafumu onse akudziwa. Sindingabweze zimenezo."

Ndinapempha kuti andidikire pang'ono. Ndinapita kuseri, pafupi ndi khola la nkhuku, ndipo ndinapemphera. Silinali pemphero lalitali. Ndinapempha kuti ndisanene mawu achipongwe kwa munthu amene wataya mlongo wake, komanso kuti ndisachite mantha. Ine moyo wanga wonse ndakhala munthu wopatuka panjira kuti ena adutse. Kuntchito ankanditcha abusa chifukwa sindinkayankha ndikakalipiridwa. Pamaukwati a banjalo ndinkakhala kumbuyo ndi madalaivala, ndipo sizinkandipweteka. Koma ili linali lonjezo kwa munthu amene sakanathanso kudziyankhulira.

Nditabwerera sindinakhale pansi.

"Alamu, galimoto muli nazo, anyamata muli nawo. Ine sindingalimbane nanu. Mukafuna kuwatenga, atengeni. Ine ndikwera basi, ndikupezani komweko. Pamaliro aliwonse amapereka mpata kwa woyankhula wa kuchimuna. Sindidzatuma munthu, ndidzaima ndekha. Ndidzauza mafumu ndi alendo anuwo zimene mlongo wanu ananena Lamulungu, ndi kuti mwawabweretsa kumene anakana."

"Chimkuzamawu ndi changa, alamu."

"Ndawerenga mawu m'tchalitchi zaka zambiri magetsi atazima. A kumbuyo amamva."

Anandiyang'ana ngati akundiona koyamba. "Mukundiopseza?"

"Iyayi. Ndikukuuziranitu, kuti musadzati sindinanene."

Bambo aang'ono aja anaseka pang'ono m'mphuno, nauza alamu kuti, "Nkhosa yako ija ili ndi nyanga."

Alamu anaimirira. Anati ngati ndi choncho, bokosi ndigule ndekha, anthu ndiwadyetse ndekha, ndione ngati maliro amayendetsedwa ndi mapemphero. Galimoto zitatu zija zinatuluka motsatana, fumbi nkugwera pa amayi amene ankasankha nyemba pabwalo.

Sindinadziwe ngati ndapambana kapena ayi. Thupi linali likadali kunyumba yachisoni kuchipatala, ndipo munthu ngati alamu anga akalowa mu ofesi, anthu amaimirira. Akanatha kukalitenga ine osadziwa. Lachitatu m'mawa ndinapita ndi mkulu wa mpingo mnzanga kukasankha bokosi kwa akalipentala a m'mbali mwa msewu. Ndinasankha lamatabwa wamba, lopaka vanishi. Titafika nalo kuchipatala ndinapeza amayi a mumpingo, atavala zoyera zawo, atakhala pakapinga moyang'anizana ndi khomo la nyumba yachisoni. Ine sindinawatume. Anawauza ndi mwana wanga. Sankaimba, ankangocheza chapansipansi, wina akuluka chipewa. Anandiuza kuti galimoto imodzi ya alamu inabwera, inaima pafupifupi ola lathunthu injini ikulira, kenako inabwerera. Mayi wina wachikulire anati, "Tinawapatsa moni, abambo. Sanayankhe."

Tinaika Lachinayi. Anthu sanali ochuluka ngati a kufamu, koma tchalitchi chinadzaza. Chakudya chinakwana, poti nyumba iliyonse ya mumzere mwathu inabweretsa kena kake. Kwaya inaimba nyimbo zimene iwo ankazikonda, ndipo abusa analalikira popanda wowaonetsa wotchi.

Kumanda, bokosi litatsala pang'ono kutsitsidwa, ndinaona alamu ataima kumbuyo kwa anthu. Anabwera okha ndi dalaivala, atavala shati yoyera wamba. Woyendetsa mwambo anandinong'oneza kuti wa kuchikazi palibe amene walembetsa kuti ayankhule, tidumphe kodi? Ndinati ayi, mchimwene wawo ali apo, aitaneni. Ena anandiyang'ana modabwa. Koma malemuwo anali mlongo wawo ndisanawadziwe ine.

Alamu anabwera kutsogolo. Munthu amene amatha kuyankhula ola lonse pamsonkhano ananena mawu ochepa okha. Anati ali ana, tsiku lina kwa agogo kuchigwa mtsinje unadzaza iwo ali kubusa, ndipo mlongo wawoyo anawabereka kumsana nawaolotsa, ngakhale kuti ankasiyana chaka chimodzi chokha. Anaponya dothi nabwerera kugalimoto osandipatsa dzanja.

Kuyambira pamenepo banjalo linanditseka kunja. Nyama imene inkabwera pa Khirisimasi inaleka. Bambo aang'ono aja atamwalira ndinamva patatha milungu iwiri, kwa munthu wina pa depoti ku Limbe. Zimenezo zinandipweteka, chifukwa mkuluyo ndinkamulemekeza, ndipo zimene ananena pansi pa mtengo wa mapeyala sizinali zabodza. Mwana wanga naye anataya amalume amene akanamuthandiza kupeza ntchito msanga. Anayenda ndi makalata m'maofesi chaka chathunthu. Ndinamufunsa tsiku lina ngati amandiimba mlandu, ndipo anati, "Adadi, amayi a mumpingo aja ndinawaitana ndine. Mlanduwo tigawana."

Mumpingo momwe ena ankati ndinachititsa manyazi akuchikazi. Abusa anandiitana nandipempha kuti ndikapepese, kuti pakhale mtendere. Ndinaganizira sabata yathunthu, kenako ndinapita ku ofesi ya alamu m'tauni. Anandisiya pabenchi kuyambira m'mawa mpaka nthawi ya nkhomaliro. Nditalowa ndinawauza kuti ngati ndinayankhula nditaimirira pamaso pa akulu, ndipo zinaoneka zamwano, andikhululukire.

"Ndiye mwavomera kuti munalakwa?"

"Pa kaimidwe, inde. Pa malo oika, ayi. Mlongo wanu atati amwalirenso mawa, ndingachite chimodzimodzi."

Anaitana mlembi wawo kuti andiperekeze kukhomo.

Ndinamva pambuyo pake kuti kufamu anaika mwala waukulu wakuda pambali pa manda a bambo awo, wolembedwa dzina la akazi anga, pa nthaka yopanda munthu. Akuti alendo akabwera amawaonetsa mzere wonsewo, kuyambira agogo a ng'ombe aja. Sindinapiteko kukauona ndipo sindinadandaule kwa aliyense. Alamu ali ndi ufulu wolira mlongo wawo m'njira imene akuidziwa. Ine Loweruka lililonse ndimakwera minibasi ndi khasu laling'ono m'thumba, kukalambula pamene akazi anga agona.