Anawerenga Onse Kupatula Ine

Anzanga, munthu ameneyu ndinakumana naye m'minibasi, chitini chake cha penti chili pamiyendo panga.

Ine ndimasoka zovala m'shopu ya azakhali, kuseri kwa msika. Sabata yonse ndimakhala chowerama pamakina, ndiye Loweruka ndinkakwera minibasi yopita kumapiri, n'kukatsika pomwe phula limathera. Kukangoyenda basi, kuwongola msana.

Tsiku limenelo tinapanikizana anayi pampando wa atatu. Mnyamata wa pambali panga anali ndi chikwama, ndodo ndi chitini.

"Asisi, tandigwirirankoni. Sichitayika ichi, ndatseka bwino."

Chinatayika, anzanga. Siketi yanga yakuda inatsika m'minibasi ili ndi madontho achikasu.

Anapepesa njira yonse mpaka ndinayamba kuseka. Ntchito yake inali yolemba mivi pamiyala ya m'njira za m'phiri kuti oyenda asasochere. Ndinamutcha Wapenti. Iye ataona mayendedwe anga pachitunda, ananditcha Nkhono.

"Inu mukafika pamwamba mawa masana," anatero.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, achimwene."

Anadekhadi. Pamphambano iliyonse ndinkamupeza atakhala pamwala, akundidikira.

"Ndi lamulo la m'phiri," anandiuza. "Wapatsogolo amadikira pamphambano. Ndipo minibasi isananyamuke, umawerenga anthu ako."

Mawu amenewo anandilowa mumtima. Ine ndinakula ndi azakhali pakati pa ana awo asanu, ndiye zoti munthu angaime n'kumadikira ine ndekha zinali zachilendo. Ndinamukonda, sindibisa.

Miyezi isanu ndi itatu tinayenda limodzi. Anandionetsa njira ya kumathithi, ya m'nkhalango ya paini, ndi ina yodutsa m'minda ya anthu yomwe umapereka moni mpaka kukhosi kuuma. Azakhali ankangoyang'ana nsapato zanga zamatope pakhomo.

"Anzako amapita nawo kokadya, iwe akukukweza mapiri. Chibwenzi chimenechi n'cha usilikali?"

Kenako Wapenti anatsegula group pafoni, anthu a mumzinda n'kuyamba kubwera kudzayenda naye. Iye ankatsogolera, ine ndinkatseka kumbuyo nditanyamula chikwama cha mabandeji. Zinkandikomera kumuona akulemekezedwa.

Loweruka lina kunabwera alendo khumi ndi awiri. Tikuyamba kukwera, anaponya makiyi a nyumba yake m'chikwama changa.

"Thumba langa labooka, babe."

"Ndikusokera mawa."

Pobwerera tinachedwa, poti alendo sankatha kujambulana pamathithi. Minibasi yomaliza imanyamuka 4 koloko, ndiye onse anayamba kutsika mothamanga. Ine ndinaponda mwala wonyowa, phazi n'kubinyika.

Ndinakhala pansi. Ndinaitana, koma madzi ankasokosa kuposa ine. Foni inalibe network, ndipo posakhalitsa inathima. Wotseka kumbuyo alibe womuona akagwa, anzanga.

Komabe sindinachite mantha. Ndinamanga bandeji, ndinathyola ndodo, ndinayamba kutsimphina motsatira mivi yachikasu. Mumtima ndinkangoti, ali pamphambano, akundidikira.

Pamphambano yoyamba panalibe munthu.

Yachiwiri... chimodzimodzi.

Nditafika pa siteji ndinangopeza fumbi ndi mayi wina akutseka kagolosale kake.

"Minibasi yapita kalekale, mwanangu. Uli ndi gulu lija? Anawerengana apa, mtsogoleri wawo n'kunena kuti akwana."

Mayiwo anandiimitsira lole ya matabwa. Ndinafika kunyumba dzuwa likulowa. Azakhali sanandiseke tsiku limenelo. Anangotenthetsa madzi, n'kuyamba kundithowa phazi.

M'mawa mwake Wapenti anafika pakhonde, maso ofiira, zovala zadzulo zomwezo.

"Nkhono, sorry. Ndakuimbira kambirimbiri, foni yako yothima. Ndinawerenga, ndikulumbira. Kawiri konse. Anakwana twelve."

"Tinali fourteen, ndi iwe ndi ine."

"Ndinkayang'ana list ya alendo. Iwe ndinkangodziwa kuti uli pompo, si umakhalapo nthawi zonse?"

"Mphindi makumi anayi m'minibasi. Sunatembenuke?"

"Ankandifunsa mafunso, za ulendo wa mwezi wamawa..."

Ndinamufunsa funso limodzi lomaliza, modekha, poti mkwiyo ndinalibe.

"Unazindikira nthawi yanji kuti ine palibe?"

Akananama, mwina bwenzi tili limodzi mpaka lero. Koma Wapenti sanali wabodza.

"Nditafika pakhomo panga. Nditafuna makiyi."

Ndinapempha azakhali kuti anditengere chikwama chija m'chipinda. Ndinatulutsa makiyi, n'kumuikira m'manja. Anatsika masitepe pang'onopang'ono, napita.

Phazi linapola patatha masabata atatu. Kumapiri ndimapitabe, ndekha, ndipo ndimatsika nthawi ikadalipo.

Ena mwa inu munena kuti ndinakhwimitsa, poti mnyamatayo sanandinyenge ndi mkazi wina, sanandimenye, anangoiwala. N'zoona. Ndipo ndimamusowa, makamaka Loweruka m'mawa. Koma ine ndinatsimphina phiri lonse ndikukhulupirira kuti akundidikira, pomwe iye ankaseka ndi alendo m'minibasi.

Musanamupatse munthu mtima wonse, anzanga, muyambe mwaona ngati amazindikira kuti inu palibe asanafune kanthu kwa inu.