Mzukwa wa pa Kabaza

Tiyamike, mwana wa mchemwali wanga, amene wandikumbutsa za iwe lero ndi wakabaza. Paja utawerenga buku la achinyamata ndikulemba lija, tikutsika ku Mulunguzi m'chifunga, unandiseka: "Amalume, mzukwa wovala nsalu yoyera angauope ndani? Wa m'tauni muno umakwera kabaza. Wopalasa amangomva kulemera kumbuyo." Ndinapsa mtima, poti kulembaku sanandiphunzitse munthu, koma usanamwalire ndinali nditamusintha mzukwa wa m'bukumo. Chimwalirireni iwe, mutu womaliza ukundikanika.

M'mawawu pa chitunda cha ku Mbedza wakabaza anaima, thukuta lili kamukamu, n'kucheuka. "Bwana, mwakwera awiri kodi?" Ndinali ndekha. Ngati unali iwe, Tiya, usamangokhala chete kumbuyoko. Ndiuze mmene bukuli lithere.