Dzuwa la m'wotchi ya bambo

Bambo anga anachokera kumigodi ya ku Joni ndi wailesi, wotchi yowala mumdima, ndiponso chifuwa chimene chinadzawagoneka pamphasa. Anzawo anasiya kubwera poopa chifuwacho. Ife tikapita kumpunga, wowayankhula tsiku lonse inali wailesi basi.

Mabatire akafooka ndinkawayanika pamwala ngati makaka, madzulo wailesi n'kulirako pang'ono. Koma dzinja lina phiri linafunda mitambo osavula, mtsinje wa Domasi unadzaza osaoloka kukagula mabatire ena, wailesi inangoti zii. Bambo anatembenukira kukhoma, ngakhale phala kulikana. Mtima unandiwawa zedi.

Amuna anga anali mphunzitsi, munthu wa manja osakhazikika, koma kwa apongozi awo manyazi ake! Moni ankaperekera panja, atanjuta. Tsiku lina anabwera ndi kagalasi kakuda kochotsa m'kamera yakufa.

"Mayi a mwana, aka kakaona kuwala kamatulutsa magetsi. Wotchi ya bambo ili ndi dzuwa lakelake losazima. Tikaziphatikiza, batire losatha!"

"Inu mudzatiotchera nyumba," ndinatero, koma ndinakawauza bambo.

"Wotchi yanga siituluka muno," anayankha. "Adzapangire pompano, ndizionera."

Ndiye mkamwini uja analowa, thukuta lili kamukamu. Anatichenjeza kuti utoto wowalawo ndi woopsa, tisaukhudze. Anaika wotchi moyang'anizana ndi kagalasi kaja, n'kuzitsekera m'chitini cha tiyi, mawaya kulowa m'wailesi. Tonse tinatchera khutu. Koma wailesiyo ndi kutsokomola komwe ayi!

Aphunzitsi anayamba kupepesa, kuti kuwalako kwachepa, chonsecho utotowo ndi wochokera ku mwala wina umene umatulutsa mphamvu zaka ndi zaka osatopa.

Bambo anadzuka n'kutsamira khoma. "Mwala wanji umenewo? Miyala ndaikumba ine, ndiuzeni maonekedwe ake."

Macheza anayambira pamenepo: wina za m'buku, wina za pansi pa nthaka, kutsutsana ngati anyamata. Ndili kukhitchini ndinamva bambo akuseka, kenaka akuitanitsa phala lija. Ndinalira, n'kunamizira utsi.

Aphunzitsi atanyamula chitini kuti azituluka, bambo anawagwira dzanja.

"Chisiyeni pompa, apongozi. Mawa mukaweruka mubwere, tidzayesenso."

Onse awiri ankadziwa bwino lomwe kuti sichidzalira. Ankachiyesabe masana alionse, mpaka sabata imene bambo anatisiya.