Utsi wa Mthuthuthu wa ku Chisenga

Njinga yamoto imene boma linandipatsa nditafika ku Chisenga inali yokalamba kale. Komabe ndi imene inkanyamula bokosi la katemera kupita kumidzi ya m'munsi mwa mapiri a Mafinga, kumene galimoto sinkafika, ndipo ine monga mlangizi wa zaumoyo ndinkaisamala kuposa thupi langa. Pepala lililonse lokhudza njingayo ndili nalo mpaka lero, ngakhale la chubu chimene ndinamatitsa ku Kaseye.

M'nyengo yozizira ya chaka china ofesi inalamula kuti njinga zonse zipite ku sevisi. Yanga ndinaipereka kwa makaniko wina wachikulire wa pa boma. Anasintha oilo, anatsuka pulagi, anakunga tcheni. Pobwerera, nditayamba kukwera mtunda, amayi ena ochokera kuchigayo anayamba kudzikupiza kumaso ndi nsalu. Nditacheuka ndinaona utsi uli tolo kumbuyo kwanga ngati akutentha munda wa mawere.

Tsoka lake, mkulu woyang'anira magalimoto a ofesi yathu anabwera ku Chisenga sabata yomweyo ndipo anauona utsiwo. Njinga sanaikhudze, ngakhale kuwerama kuti anunkhize. Posakhalitsa ndinalandira kalata yonena kuti injini yatha chifukwa cha kusasamala kwa wokwera, ndiye njingayo ibwezedwe pakutha pa mwezi. Ina yolowa m'malo mwake panalibe, kutanthauza kuti ana a kumapiri aja akanakhala opanda katemera. Kusasamala, ine! Koma masiku amenewo kalata yokamba za katundu wa boma sunkaiyankha ndi mtima wapachala, chifukwa mbiri yoti ndiwe wowononga inkafika msanga m'makutu mwa achipani. Ndinaipinda bwinobwino n'kuisunga.

Ndinaganiza zoyamba ndafufuza ndekha. Ku Chisenga m'mawa kumazizira, ndipo njinga iliyonse imatulutsa kautsi koyera kamene ndi nthunzi chabe, kamatha injini ikatentha. Wangawu sunkatha. Utsi wakuda ndi wa petulo wochuluka, koma uwu unali wotuwa mofuna kubiriwira, fungo lake ngati mafuta opserera m'chiwaya. Apo ndinadziwa kuti oilo ndi amene akupsa. Pulagi nayo inali yonyowa ndi yakuda bii. Chimene chinandikayikitsa n'chakuti injini yotha imafooka pamtunda, pamene yangayi inkakwera ngati kale, ndipo isanapite ku sevisi sinkafuka. Injini sikalamba tsiku limodzi. Njingayo ndinaiimika pamalo osalala, mkazi wanga ataigwira chilili, n'kusolola kandodo koyezera. Oilo anali atapitirira kutali mzere wapamwamba. Nditatsegula bokosi la fyuluta ya mpweya ndinapeza muli noninoni.

Ndinabwerera kwa makaniko uja.

"Monire, adada," ndinamupatsa moni wa Chitumbuka umene ndinali nditaphunzira.

"Yewo, adokotala! Mwiza na josi lose la ku Chisenga?" anatero akuseka, kunena utsi umene ndinafika nawo. "Utsi wake ndi wa mtundu wanji umenewu?"

"Mtundu wake ndadzafunsa inu, poti munaubereka ndinu. Munathira oilo wochuluka bwanji?"

"Muyezo wake, ndiye n'kuikapo basera."

"Basera?"

"Eya! Chisenga si pafupi, dada. Kumsika akakupimirani nyemba sakuikirani kapamwamba? Ndiye ine ndikumaneni ngati munthu wongodutsa?"

Ankanena ndi mtima wonse. Njinga zambiri zimene ankakonza zinali zodontha, ndipo kwa izo kapamwambako kankangothera mumsewu. Yanga sinkadontha, choncho oilo wotsalayo anasowa kopita, anakwera mpaka kufyuluta n'kumapsera limodzi ndi petulo. Mkwiyo umene ndinanyamula ulendo wonse unangosungunuka.

"Adada, injini si mlendo woti mumuwonjezere ndiwo," ndinatero.

Anagwira mutu. "Mayo ine! Ndiye ulemu wanga ndi umene ukukulanditsani njinga?"

Tinapungula oiloyo pang'onopang'ono tikuyeza, tinatsuka fyuluta ndi kuiyanika padzuwa, pulagi tinaipala. Titailiza inafukabe, ndipo mtima wanga unagwa. Makaniko anati ndiithamangitse pang'ono kuti oilo wokakamira mu ekizozi apserere. Ndinapita chakumsewu wa ku Kaseye n'kubwerera. Pofika, kumbuyo kunali mbee.

Ndinalunjika ku ofesi, n'kupempha mkulu wa magalimoto uja kuti atuluke adzaone.

"Nkhaniyo inatha, kalata inapita kale," anatero osadzutsa mutu.

"Bwana, kungoima kumbuyo kwake basi. Ikadetsa malaya anu, makiyi ndisiya pomwepo."

Anatuluka monyinyirika. Ndinailiza, ndinaiponda mafuta, iye ataika dzanja pa ekizozi. Anayang'ana chikhatho chake kwa kanthawi, koma sichinade.

"Mwaichita chiyani?"

"Ndapungula oilo, bwana. Anachuluka."

Sanafunse kuti anachulukitsa ndani, ndipo ine sindinanene, poti makaniko wa basera uja akanataya ntchito ya ofesi chifukwa cha mtima wake wabwino. Ndinangopempha kuti alembe kalata ina yofafaniza mawu a kusasamala aja.

"Achimwene, mukufuna njinga kapena pepala?"

Mpaka lero ndimaona kuti zonse ziwiri zinali zoyenera ine, ndipo kalata yofafanizayo sinalembedwe konse. Koma mawa lake amayi anali akudikira ndi ana awo pansi pa mtengo kutsidya kwa mtsinje, mtunda umene sindikanatha kuyenda wapansi katemera asanatenthe. Ndinatenga makiyi, ndinamanga bokosi kumbuyo, ndipo ana onse amene anabwera tsiku limenelo anabayidwa.